Kalata ya Abusa: Kazembe Wotchuka ndi Amtengatenga a Nkhondo ya Chiwaya

Okondedwa mwa Ambuye, akhristu a mpingo wathu kuno ku Kawale,

Mtendere wa Khristu ukhale nanu nonse.

Mwezi wa November wayandikira, pamene akuluakulu a boma amakaika nkhata za maluwa pa chipilala cha ku Area 18 pokumbukira omwe anafera ku nkhondo. Sabata yatha mnyamata wina wa kwaya anandipeza pakhonde, foni ili m'manja, n'kundionetsa chithunzi cha kazembe wa nkhondo wa ku Germany, Paul von Lettow-Vorbeck. Amvekere, "Abusa, awa ndiye anali madolo!"

Udolowo sindikuukana. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, ndi asilikali pafupifupi 14,000 okha, ambiri mwa iwo anthu akuda, anawazunguza mitu Angerezi ku Tanganyika, n'kuwolokera ku Mozambique mu 1917, kenaka n'kulowa m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Sanagwidwe. Zida anakatula ku Abercorn, ku Mbala ya lero, pa 25 November 1918, patatha masabata awiri mfuti zitaleka kulira ku Ulaya. Ku Berlin anamulandira ngati ngwazi, ndipo anamwalira ali nkhalamba mu 1964, chaka chomwe ife tinalandira ufulu.

Koma makolo athu nkhondoyi ankaitcha ya Chiwaya, ndipo anaidziwira pamutu ndi m'mapazi. Kumene ankathamangitsana kuja misewu kunalibe, ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, ndiye ufa, zipolopolo ndi mahema zinkayenda pa nkhata ya munthu. Atsamunda anatenga amuna pafupifupi 200,000 m'dziko muno kukhala amtengatenga, ambiri mokakamiza kudzera kwa mafumu. Amene anawatha ndi kamwazi, malungo ndi njala. Nayenso kazembeyo ankagwira anthu omunyamulira katundu ndi kukokolola nkhokwe m'midzi momwe wadutsa. Mbusa John Chilembwe anali atadandaula kale mu 1914 kuti osauka akufera nkhondo ya eni ake.

Zimenezi zandikumbutsa 2 Samueli 23. Davide analakalaka madzi a pachitsime cha ku Betelehemu, ngwazi zitatu n'kupyola pakati pa Afilisti kukamutungira. Atawalandira anakana kumwa. Anawathira pansi pamaso pa Yehova, poona kuti ndi mwazi wa anthu amene anaika moyo wawo pachiswe. Ine pamenepa ndi pomwe ndimayezera mtsogoleri, ngakhale wa mumpingo muno.

Tsono ndikupempheni, funsani agogo akadali moyo. Ngati m'banja mwanu munali wina amene anapita ku utengatenga kapena ku usilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali akuda la Angerezi), lembani dzina lake ndi mudzi wake papepala, mupereke kwa mkulu wa mpingo wa m'dera lanu. Lamulungu lachiwiri la November tidzawerenga mainawo mmodzimmodzi ulaliki usanayambe. Mnyamata wa kwaya uja wavomera kale kuti adzawerenga ndi iye.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.