A Baucus akuimba belu ali pakaliyala

A Mkonzi,

Ndine mwana wa mlimi wa fodya wa ku Dowa, koma kuyambira 2006 ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana kuno ku America. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, ndi kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda. Chandilembetsa kalatayi ndi uthenga womwe achimwene anga ananditumizira pa WhatsApp sabata yatha. Anapita ndi amayi kuchipatala china cha boma, anakhala pamzere kuyambira m'mawa, ndipo atafika pawindo anangowalembera m'buku kuti mankhwala a BP kulibe, akagule okha. Uthenga wawo unali wakuti, "Achemwali, zaulerezi zatikwana. Bola tizilipira inshulansi ngati kwanuko, mwina mankhwala azipezeka."

Mawu omwewa ndimawamvanso pa wailesi za kumudzi zomwe ndimatchera pa intaneti ndikaweruka shifiti ya usiku. Choncho ndati ndiwauzeko owerenga anu za mkulu wina yemwe anamanga nawo "kwanuko" kumene achimwene akusilira, ndi zomwe iye mwini anadzanena pambuyo pake.

Dzina lawo ndi a Max Baucus, a chipani cha Democratic. Kwawo ndi ku Montana, dera la mapiri kumalire ndi Canada komwe ng'ombe n'zambiri kuposa anthu. Anakhala phungu wa nyumba ya Senate kuyambira 1978 mpaka 2014, kenaka a Barack Obama anawatumiza ku China kukakhala kazembe mpaka kumayambiriro kwa 2017. Mphamvu zawo zenizeni zinali pa mpando wa komiti ya zachuma ya Senate. Misonkho, malonda ndi mayiko ena, ndalama za chithandizo cha okalamba ndi osauka, zonsezi zimadutsa pa tebulo la komiti imeneyo. Ngakhale lamulo la AGOA lija, la m'chaka cha 2000, lomwe linatsegulira katundu wa mayiko a mu Africa msika wa kuno popanda msonkho, nkhani zake zimakambidwa pomwepo.

Ndiyambe ndi kuthokoza, kuti anthu asati ndili nawo chifukwa bambowa. Mu 2011 ndinalibe inshulansi, chifukwa kampani yomwe inkandipezera maganyu sinkapereka. Ndulu inandivuta usiku, ndinachitidwa opaleshoni, ndinagona masiku awiri okha. Mabilu anabwera m'maenvelopu anayi osiyana: ya chipatala, ya dokotala wong'amba, ya wogoneka tulo, ndi ya ambulansi yomwe inandiyendetsa mtunda woti kwathu ndikanakwera kabaza. Ndinkawabisa mu kabati ya kukhitchini, kuseri kwa thumba la ufa, chifukwa ndikawaona chakudya sichinkalowa. Ndinamaliza kulipira patapita zaka zitatu. Nditayesa kugula inshulansi ndekha, anandifunsa matenda onse omwe ndinadwalapo, ndipo mtengo womwe ananditchulira unali wondithamangitsa basi. Lamulo lomwe anthu amalitcha Obamacare ndi lomwe linaletsa mchitidwe umenewu kuyambira 2014, ndipo mbali yaikulu ya lamulolo inalembedwa m'komiti ya a Baucus. Khadi la inshulansi lomwe lili m'chikwama changa lero ndinalipeza chifukwa cha ntchito yawo. Zimenezi sindingazikane.

Koma tamvani momwe zinayendera mu 2009. Panali anthu ambiri, madokotala ndi anamwino omwe, amene ankafuna njira ya ku Canada: dokotala azigwira ntchito yake, koma wolipira akhale mmodzi yekha, boma, ndi ndalama za msonkho. A Baucus anati njira imeneyo isabwere n'komwe pa tebulo. M'mwezi wa May chaka chimenecho, komiti yawo itaitana makampani a inshulansi ndi mabungwe ena kudzapereka maganizo, anthu asanu ndi atatu anaimirira mmodzimmodzi m'chipindamo kufunsa chifukwa chomwe mbali yawo sinapatsidwe mpando. Ena mwa iwo anali madokotala. Apolisi anawatulutsa n'kuwamanga, wapampando ali pompo ndi kanyundo kake m'manja. Atatero, a Baucus anatha miyezi yambiri akukambirana m'kagulu ka aphungu asanu ndi mmodzi, atatu a chipani chawo ndi atatu a Republican, pofuna kuti lamulolo likhale la mbali zonse. Anakananso, pa voti ya m'komiti, ganizo loti pakhale inshulansi ya boma yopikisana ndi makampani, ati silingapeze mavoti 60 ofunika m'nyumba yonse. Mapeto ake? M'komiti anakolola voti imodzi yokha ya Republican, ya mayi Olympia Snowe, ndipo biluyo inadutsa 14 kwa 9. Pa 24 December 2009 nyumba yonse itavota, zinali 60 kwa 39, popanda wa Republican ndi mmodzi yemwe.

Pali kanthu kena m'lamulo lomwelo komwe anthu ambiri sakadziwa, ndipo ine ndi komwe kamandipweteka. Ku Montana kuli tauni yaing'ono yotchedwa Libby. Kunali mgodi womwe fumbi lake linali ndi asibesitosi, ndipo anthu mazanamazana anafa ndi matenda a m'mapapo, ogwira ntchito mumgodi ngakhalenso akazi awo omwe ankangochapa zovala. A Baucus anaika ndime yapadera yoti odwala a ku Libby alowe mu Medicare, inshulansi ya boma yomwe ena tonse timayembekeza kufika zaka 65, posatengera msinkhu wawo. Anachita bwino kwambiri. Koma ndiye kuti mankhwala ankawadziwa. Anthu akwawo atadwala, sanawatumize kukasankha pulani ku kampani, anangowalowetsa m'manja mwa boma.

Tsono mu September 2017, atabwerako ku China, opanda voti, opanda kanyundo, anakalankhula ku Montana State University mumzinda wa Bozeman. Kumeneko ananena kuti nthawi yakwana yoti dziko la America liyambe kuganizira njira ija ya wolipira mmodzi. Anafanizira chipatala cha kumudzi ku Montana, komwe gawo lalikulu la nyumba ndi la anthu olemba mapepala a inshulansi, ndi chipatala cha ku Canada komwe ntchito yoteroyo imakwana m'kachipinda kamodzi. Nditawerenga zimenezi pafoni nthawi ya buleki ndinaseka ndekha mpaka mnzanga wa ku Kenya anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa chibwenzi. Kwathu timati wapakaliyala saimba belu. Awa anali pachishalo zaka zonse zija, belu lili pachala, osaliza.

Zomwe ananenazo n'zoona, ndipo ndimaziona ndi maso. Komwe ndimagwira ntchito, ofesi ya mabilu ili ndi anthu omwe sagwira wodwala chaka chonse, ntchito yawo n'kulimbana pafoni ndi makampani. Gogo wina yemwe ndinkamusamalira atathyoka chiuno anayamba kuyenda pang'onopang'ono ndi chogwirira, koma kalata inabwera yoti masiku omwe kampani inavomera kulipira mafizo atha. Anabwerera panjinga ya olumala, ndipo sanadzukenso. Achimwene, inshulansi yomwe mukuifunayo imabwera ndi munthu wina pakati pa inu ndi dokotala, ndipo munthuyo amapindula akakana.

Pa misonkho ndiye mbiri yawo ndi ya mawangamawanga. Mu 2001 anathandiza a George W. Bush kudutsitsa lamulo lotsitsa misonkho, lomwe olemera ndiwo anapindula nalo kwambiri, pomwe ambiri a chipani chawo ankakana. Mu 2003 anali mmodzi wa aphungu awiri okha a Democratic omwe analowa m'chipinda cholembera lamulo la mankhwala a okalamba, ndipo lamulo limenelo linaletsa boma kunenerera mitengo ndi makampani opanga mankhwala. Tangoganizani, wogula wamkulu pamsika wonse n'kumuletsa kunenerera! Chiletso chimenechi chinayamba kumasulidwa mu 2022, ndipo zaka zapakatizo ndaona okalamba akudula piritsi pakati ndi mpeni kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi.

Komabe chilipo chimodzi chomwe ndikufuna aphungu athu atengereko. Mu 2009, pofuna kuwonjezera ana a m'mabanja osauka pa inshulansi ya boma, a Baucus ndi anzawo anatchula poyera komwe ndalama zichokere: msonkho wa paketi ya ndudu unakwera kuchoka pa masenti 39 kufika pa $1.01. Monga mwana wa mlimi wa bale, yemwe fizi yake inkachokera ku okushoni, mtima unandigunda ndithu, poti ndudu zikamagulidwa pang'ono kuno ogula amabwera ndi manja ofooka ku Kanengo. Koma lonjezo linabwera ndi thumba lake. Apa ndi pomwe achimwene akunena zoona. Chipatala chaulere chopanda thumba lodziwika chimathera pa mawu aja akuti "kagule wekha", ndipo wosauka amalipira ndithu, kungoti amalipira ku famase. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo bajeti yathu kawirikawiri sifika pamenepo. Tisanathamangire makampani a inshulansi, bwanji tifunse kaye kuti msonkho womwe timalipira kale pa sopo ndi pa mayunitsi ukupita kuti?

Za malonda sindichulukitsa. A Baucus ndi munthu wokonda kutsegula misika. Anaikira kumbuyo lamulo la 2000 lokhazikitsa malonda ndi China, ndipo anthu a m'mafakitale kuno ku Indiana omwe ntchito zawo zinasamukira kunja sawathokoza konse. Boma la a Donald Trump litayamba kukweza msonkho wa katundu wa ku China mu 2018, iwo anatsutsa, ati opwetekeka akhala alimi a ku America. Zinaterodi. China inabwezera ndi msonkho wa 25 peresenti pa soya, ndipo kuno minda ya soya ndi chimanga imayambira pomwe tauni yathera. Mwana wa gogo wina yemwe ndinkamusamalira ankabwera Lamlungu lililonse nkhope ili gwaa, nkhokwe zili zodzaza, mtengo uli pansi. Boma linachita kutulutsa madola pafupifupi 28 biliyoni m'zaka ziwiri kupepesa alimi. Ndimawamvera ndi khutu limodzi akamalankhula za China, chifukwa atasiya ukazembe anakhalapo mlangizi wa kampani ya kumeneko ya Alibaba. Koma pa nyama ya ng'ombe ndimawavulira chipewa. China inatseka msika wa nyama ya ku America mu 2003 chifukwa cha matenda a misala ya ng'ombe, ndipo bambowa anakakamira nkhani imeneyi ali phungu, anakakamirabe ali kazembe, mpaka nyama inayambanso kulowa mu 2017. Chaka chomwecho India inachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, ndipo alimi a kumwera kwathu akukumbukira momwe mtengo unagwera. Ndinkalakalaka titakhala ndi kazembe wodziwa mtengo wa kilogalamu ya nandolo ngati momwe awa ankadziwira wa ng'ombe za kwawo.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi ili. Nafenso tili nawo ambiri omwe anali aphungu, nduna ndi akazembe, ndipo akapuma amalankhula zanzeru zedi m'nyuzipepala ndi pawailesi. Apatseni danga, poti ena akunena zoona ngati momwe a Baucus ananenera ku Bozeman. Koma mtolankhani wanu aziwafunsanso kuti bajeti ya zaumoyo itabwera m'nyumba muja iwo ali momwemo, anaimirira kunena chiyani, ndipo iwowo akadwala amakagona chipatala chiti.

Ndalama ya mankhwala a amayi ndatumiza, ya miyezi itatu. Achimwene ndawauza kuti asunge malisiti. Ine kuno pa 1 November kalembera wa inshulansi atsegulidwanso, ndipo ndidzakhala pa tebulo la kukhitchini ndi kompyuta, kusankha pakati pa pulani yodula mwezi ndi mwezi, ndi yotchipa yomwe ndikadwala madola masauzande oyambirira ndiyenera kutulutsa ndekha kampani isanaponyepo kalikonse. Chaka chatha ndinasankha yotchipayo, ndipo bondo lakumanzereli sindinakalionetsebe.

Wowerenga wanu,
South Bend, Indiana