Lipoti la msonkhano wa za mankhwala a BP ndi khungu

A Wapampando ndi nonse a m'gulu lathu la odwala BP, zikomo pondituma. Zokambidwa zinali zambiri, koma yotikhudza kwenikweni ndi ya hydrochlorothiazide, timapiritsi tokodzetsa tija timalembedwa kuti HCTZ m'kabuku ka kuchipatala.

Kwa anthu ena mankhwalawa amachititsa kuti khungu lisamapirire dzuwa. Pa zithunzi zimene otsogolera msonkhanowo anationetsa, zidzolo zinali pamphumi, m'khosi pamene kolala yathera, ndi kuseri kwa manja. Pophimbidwa ndi malaya panali posalala bwinobwino, malire ake ochita kuoneka. Pakhungu lakuda sipafiira kwenikweni. Pamangoda, kuyabwa, kenako n'kumasupuka, ndiye ambirife timati ndi sopo kapena thukuta. Anatchulanso furosemide, mankhwala enanso okodzetsa amene ena timati Lasix, kuti nthawi zina amatulutsa matuza akuluakulu, makamaka kwa okalamba.

Chimene chinandikhalitsa pansi ndi kafukufuku wa ku Denmark. Ofufuzawo anapeza kuti anthu amene anamwa HCTZ wokwana mamiligalamu 50,000 kapena kuposa, mtundu wina wa khansa ya pakhungu unkawagwira pafupifupi kanayi kuposa osamwa. Kwa womwa mamiligalamu 25 patsiku, zimenezo ndi zaka zisanu ndi theka basi. Mu 2018 oyang'anira mankhwala ku Ulaya anatulutsa chenjezo. Ofufuzidwawo ambiri anali azungu, choncho tisathamange kunena kuti tonse tili pangozi yofanana. Koma ine mtima unapita kwa abale athu achialubino, amene dzuwa likuwazunza kale. Amenewa ndikuona kuti asamangopatsidwa HCTZ popanda kukambirana bwino ndi adokotala.

Chonde, pasapezeke wina wosiya kumwa payekha chifukwa cha lipotili. BP yosasamalidwa imabweretsa sitiroko, ndipo tonse taonapo m'mudzi mwathu. Mukaona zidzolo m'malo owombedwa ndi dzuwa, kapena chilonda chosapola, pitani kuchipatala ndi kabuku kanu mukaonetse, munenenso pamene munayambira mankhwalawo. Mankhwala ena a BP alipo, ndipo wosintha ndi dokotala. Kumunda tivale chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira aliyense adzabwere ndi kabuku kake, tidzaone amene ali pa HCTZ ndi kuti wamwa zaka zingati.