Tigulitseni pizza yoduladula ngati ku New York

Wokondedwa Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndinene za kamalo kena kogulitsa pizza kuno ku Bronx, mumzinda wa New York, komwe ndimaima ndikaweruka. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye ndikatsika sitima usiku, mphamvu zotereka mphika zimakhala zitatha.

Kamaloko n'kakang'ono: matebulo atatu, ndi uvuni wa gasi kuseri kwa kauntala. Bambo wophikayo amatenga ufa wa tirigu wokandakanda, kuutambasula pa zibakera zake uku akuuzunguza, mpaka upyapyale n'kukula ngati lichero. Amapakapo msuzi wa tomato, kuwazapo tchizi cha mozzarella, basi. Ikapsa amaidula zidutswa 8. Iwe umangoloza chimodzi, amachibwezera mu uvuni kamphindi, n'kukupatsa pa mbale ya pepala chili chotentha.

Chimene chimandikoka ine ndi pansi pake. Mpopyapyala, pokhukhutika pang'ono ngati nkhoko za mumphika wa nsima, koma ukapinda sipathyoka. Tsiku loyamba ndinapempha foloko. Mayi wina woyendetsa basi, yemwe ankadya chiimire pambali panga, anandionetsa mmene amachitira: kupinda chidutswacho pakati m'litali mwake, kuyambira kunsonga, mafuta akutsikira papepala. Ya pepperoni, yomwe amaikapo tizidutswa ta soseji, sindiikonda, mchere ndi mafuta zimachuluka. Ya tchizi chokha ndiye yanga.

Pizza inabwera kuno ndi anthu ochokera ku Naples m'dziko la Italy, ambiri mwa iwo amphawi odzafuna ntchito. Eni malo otchuka a Lombardi's, ogulitsa pizza ku Manhattan, dera lina la New York, amati anayamba mu 1905. Mpaka lero pamzere wogula pizza kuno pamaima omanga nyumba, ana asukulu, anamwino, monga timaimira pa chiwaya podikira tchipisi.

Apa ndiye pali nkhani yanga, a Mkonzi. Nditabwera kumudzi ulendo watha, ndinaona kuti m'malo amene ndinalowa ku Lilongwe ndi ku Blantyre pizza amagulitsa yathunthu m'bokosi, mtengo wake woti munthu wamba aziyamba wadikira malipiro. Mwana wa mchemwali wanga, wa folomu 2, anali asanailawepo. Zinandiwawa.

Inu ogulitsa, tadulani zidutswa, muzigulitsa chimodzichimodzi. Kupyapyalako sikudya ufa wambiri, ndipo tomato ngwathu yemwe wadzaza ku Lizulu. Ndikadzabweranso ndikufuna mwanayo adzandiuze kuti anagulapo yekha ndi ndalama yake ya m'thumba.

Wowerenga wanu,
Bronx, New York