Kalata yotseguka kwa Bwana oyang'anira za usodzi: chambo si nsomba imodzi

Bwana,

Landirani moni kuchokera kuno ku Mangochi. Nkhaniyi tayilankhula mokwanira m'misonkhano ya m'madoko, lero tayilemba poyera.

Nsomba yomwe timangoti chambo ili m'mitundu itatu ya gulu la Oreochromis: karongae, squamipinnis ndi lidole. Makumba, omwe ndi shiranus, ndi abale ake chabe. Nthawi yoswana, mphongo za karongae ndi lidole zimada bii, chipsepse chapamsana chili ndi mzere woyera m'mphepete, pomwe mphongo ya squamipinnis imayera kumutu. Lidole ndi wamutu waukulu, wokonda madzi akuya. Mu 2018 bungwe loona za kuteteza chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu yonse itatu pa gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutha, ndipo lidole akuganiziridwa kuti mwina anatha kale. Koma m'kaundula wa padoko zonsezi zimangolembedwa kuti chambo, makilo akuti. Mtundu ukamatha mudzadziwa bwanji, Bwana?

Chotiwawa kwambiri ndi kasawala, ana a chambo. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, kenaka n'kukawatula m'madzi osaya, m'mabango. Kumeneko n'kumene neti za udzudzu zikukokedwa dzuwa likuswa mtengo. Lamulo limaletsa kugwira chambo chosakwana masentimita 15, koma mabeseni akudzaza tinsomba tonga chala. Pa msinkhu umenewo mitundu itatuyi imafanana moti ngakhale katswiri amavutika kuisiyanitsa. Ngati lidole alipobe, n'kutheka akuuma pathandala osadziwika.

Zinazo mukuzidziwa: khoka la nkacha lokokolola pansi pa nyanja ya Malombe n'kugumula zisa zomwe mphongo zimakumba mumchenga, matchera a maso ang'onoang'ono, mabango odulidwa pomanga malo ogona alendo, makoka olowa m'madzi mu Novembala ndi Disembala nyanja ili yotseka. Makomiti a m'madoko anayamba ku Malombe mu 1993. Ndondomeko yobwezeretsa chambo inali ya 2003 mpaka 2015. Chambocho chili kuti?

Tikudziwa kuti mafuta a boti ndi ovuta, koma pempho lathu si lodula. Alembi a m'madoko aphunzitsidwe pa koleji ya za usodzi ya Mpwepwe kusiyanitsa chambo chachikulu m'mitundu itatuyi, ndipo uliwonse ukhale ndi mzere wake m'kaundula. Mabango otulirako ana aikidwe zizindikiro pamodzi ndi mafumu, ndipo neti ya udzudzu ikapezekamo ilandidwe pomwepo. Izi zichitike nyanja isanatsekedwe pa 1 Novembala.

Ndife,
Okhudzidwa ndi za usodzi, Mangochi