Kalata kwa mabanja a mumpingo: za chisankho, mafoni ndi zoonera m'nyumba zathu

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu makolo ndi agogo amene mukulera ana,

Chisomo ndi mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu zikhale nanu nonse.

Akulu ampingo akamayendera milaga ya ku Matero, Lilanda, George ndi Chunga, dandaulo limene amabwera nalo limakhala limodzimodzi: dziko laonongeka, ana sakumva, nyimbo za masiku ano n'zolaula, andale ndi abodza. Ambiri a inu ndinu mabanja osunga mwambo. Mumapemphera musanadye, mumalemekeza ukwati, mwana wanu amagwada popereka madzi kwa mlendo. Zimenezi tikuyamika. Koma ndale, maulosi achilendo ndi zoonera zimene mukudandaula nazo zonse zikulowa m'nyumba pa khomo limodzi, ndilo foni, ndipo kawirikawiri foni imene yatsegula khomolo ndi ya bambo kapena ya mayi. Nchifukwa chake kalatayi ikulankhula ndi akuluakulu kaye.

Tiyambe ndi chisankho. Malamulo a dziko lathu la Zambia, monga anakonzedwera mu 2016, amati chisankho chachikulu chizichitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti pa zaka zisanu zilizonse. Mu 2021 tsikuli linali pa 12, mu 2026 likugwa pa 13. Wovota akhale wa zaka 18 kapena kupitirira, ndipo anyamule zinthu ziwiri, reji (chiphaso cha unzika) ndi khadi lovotera. Chimodzi chikasowa amakubwezani, ngakhale wogwira ntchito pamalopo akhale mnansi wanu. Mumavota pomwe munalembetsa basi. Amene munalembetsa ku Petauke kapena ku Katete musadzadzuke m'mawa n'kukaima pamzere ku Matero. Yambani kusunga ndalama ya basi tsopano. Malo ovotera amatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 6 koloko madzulo. Mapepala ndi anayi: la pulezidenti, la phungu, la meya kapena wapampando wa khonsolo, ndi la khansala. Chongani malo amodzi pa pepala lililonse. Mukachonga pawiri, kapena kulembapo dzina lanu, voti yaonongeka. Agogo amene maso akuvuta musawasiye okha, lamulo limalola kuti athandizidwe.

Mpingo sudzakuuzani woti mumuvotere, ndipo guwa silidzaperekedwa kwa wandale aliyense. Wopikisana nawo akabwera kudzapemphera, adzalandiridwa ngati mlendo wina aliyense, adzatchulidwa dzina pa nthawi ya zolengeza, n'kukhala pansi. Chopereka chake chilowe m'mbale monga cha aliyense, popanda envelopu yokwezedwa m'mwamba ndi kujambulana zithunzi. Zitenje, matisheti ndi zipewa za chipani zitsale kunyumba pa Sabata, pa Chigwirizano, pa kwaya ndi pa maliro.

Pa maliro ndipo pamavuta kwambiri, tifotokoze bwino. Banja lili pa chisoni, ndalama ya bokosi yaperewera, basi yopita ku Chingwere palibe. Wandale akutumiza tenti, matumba a ufa ndi basi. Kukana n'kovuta, ndipo sitikunena kuti mukane. Thandizolo lilandiridwe ndi a komiti ya maliro, lilembedwe m'buku limodzi ndi la ena onse, ndipo wobweretsayo auzidwe pomwepo kuti kumanda sadzapatsidwa mpata wolankhula. Zimalakwika pamene wachibale mmodzi walandira yekha kuseri n'kulonjeza. Mawa lake basi imabwera yodzaza makada, otsatira wandaleyo, ovala mtundu wa chipani, amayi a Chigwirizano akusowa pokhala, nyimbo za maliro zikupikisana ndi za kampeni.

Mwa ophunzira khumi ndi awiri a Yesu munali Mateyu, wokhometsa msonkho wa boma la Aroma, munalinso Simoni Mzelote. Ankadya m'mbale imodzi. Paulo pa 1 Timoteo 2:1-2 akutiuza kupempherera onse aulamuliro, ndipo sanawonjezepo kuti okhawo amene tinawavotera. Salimo 146:3 nalo likutichenjeza kuti chikhulupiriro chathu tisachiike mwa akuluakulu a dziko. Mavesi awiriwa muziwawerengera pamodzi pa pemphero la madzulo, chifukwa mabanja ambiri amakonda limodzi pamene chipani chawo chili m'boma, linalo pamene chagwa.

Enanu mumati poti Zambia ndi dziko lachikhristu, wandale amene amatchula Mulungu kwambiri ndiye wathu. N'zoona kuti a Frederick Chiluba analengeza zimenezi pa 29 Disembala 1991, ndipo mu 1996 mawuwa analowa m'mawu otsogolera a malamulo a dziko. Mawu omwewo amatetezanso ufulu wa munthu aliyense pa chipembedzo chake, choncho mnansi wanu Msilamu kapena Mhindu ndi nzika monga inu. Ndipo kutchula vesi pa msonkhano sikutsuka ngalande. Khansala mufunseni za ngalande za madzi, zinyalala ndi msika. Phungu mufunseni za malamulo amene anavotera ndi momwe ndalama za chitukuko za CDF zinagwirira ntchito m'dera lanu. Amene amagawa K50 pa msonkhano mudzamuonanso patatha zaka zisanu.

Tsopano za mauthenga a pa WhatsApp. Taonani zimene zimachitika nthawi ya nsima: bambo aika foni pafupi ndi mbale, mawu a munthu wosadziwika akulira mokweza kuti mtundu wakutiwakuti wakonza zobera mavoti, ana akumvetsera, kenako bambo akutumiza ku gulu la mlaga ndi mawu akuti "tiyeni tipemphere". Eksodo 23:1 amaletsa kufalitsa mbiri yabodza, ndipo kuikapo pemphero sikusintha kanthu. Musanatumize, funsani kuti wanena ndani, dzina lake ndi udindo wake, ananena liti, ananenera kuti. Uthenga wokhala ndi timivi tiwiri pamwamba ndiye kuti wadutsa m'manja ambiri, ndipo mwini wake sadziwika. Kanema wa zipolowe akhoza kukhala wa dziko lina kapena wa chaka china. Onani nambala za magalimoto, mayunifolomu a apolisi ndi zilembo za pa masitolo. Masiku ano kompyuta imathanso kutengera mawu a munthu n'kumunenetsa zomwe sananene. Zotsatira za pamalo ovotera zimalembedwa pa fomu ya Gen 20 imene oimira zipani amasainira, ndipo wolengeza wopambana pa upulezidenti ndi bungwe loyendetsa chisankho la ECZ lokha. Wopambanayo ayenera kupitirira theka la mavoti onse abwino. Zikapanda kutero, awiri apamwamba amabwereza pasanathe masiku 37. Choncho kuchedwa kwa zotsatira pakokha si umboni wa kuba. Dziwaninso kuti malamulo a za pa intaneti, amene anabwera mu 2021 n'kulembedwanso mu 2025, amafikira ngakhale zolembedwa pa foni, ndipo simu yanu inalembetsedwa pa reji yanu. Kuyambira sabata ya chisankho mpaka zotsatira zitalengezedwa, magulu onse a mpingo a pa WhatsApp adzatsekedwa kuti olemba akhale oyang'anira okha.

Maulosi a pa Facebook onena za amene adzapambane musawalowetse m'magulu amenewa. Deuteronomo 18:22 anapereka kale muyeso wake. Bwererani mukaone zimene mneneriyo ananena chisankho cha 2021 chisanachitike, ngati sanazifufute.

Za mafoni a ana. Kulanda foni ndi kukwapula kumangophunzitsa mwana kubisa. Chofunika ndi kuikonza foniyo isanafike m'manja mwake. Facebook ndi TikTok salola mwana wosakwana zaka 13, koma ana amanama chaka chobadwa, ndipo akatero zotchinga zonse za ana zimachoka chifukwa foni ikumuona ngati wamkulu. Poyamba penipeni ndi pamenepo: tsegulani akaunti ya Google ya mwanayo nokha, ndi tsiku lake lenileni lobadwa. Kenako ikani pulogalamu ya makolo yotchedwa Family Link pa foni yanu, mulumikize ndi yake. Mmenemo mungathe kuika maola a patsiku, nthawi yoti foni izitseka usiku, ndiponso kuti pulogalamu iliyonse yatsopano izidikira chilolezo chanu. Ife tikulangiza ola limodzi pa masiku a sukulu, maola awiri Loweruka, ndipo izitseka 8 koloko usiku. Pa TikTok pali Family Pairing, imene mumalumikiza pojambula kachizindikiro ka pa foni yanu ndi foni ya mwana. Pa YouTube yatsani Restricted Mode, imene imabisa makanema ambiri osayenera ana. Pa DStv ndi GOtv pali potsekera mapulogalamu malinga ndi zaka, 13, 16 kapena 18. Sinthani nambala yachinsinsi imene inabwera ndi dikoda, ndipo musaike chaka chanu chobadwa, ana amachidziwa.

Zonsezi zili ndi pobowoka pake, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Makanema ambiri oipa safuna bandulo. Amachoka pa foni ina kupita pa ina kudzera pa Bluetooth, pa Xender kapena pa memori khadi, kusukulu kapena pa kantemba potchajitsa malaiti akazima. Mabandulo ausiku ndi otchipa, nchifukwa chake mwana amene akugona ndi foni amadzuka maso ali psuu. Mankhwala ake ndi achikale: mafoni onse, ndi a makolo omwe, azigona pa malo amodzi pabalaza kapena kuchipinda kwa makolo. Ndipo foni imene mwana amaonerapo zambiri ndi ya mayi, imene amabwereka kuti achite homuweki. TikTok ndi YouTube zimabweretsa zofanana ndi zimene mwini foni amachedwapo. Mwana akatsegula foni ya bambo n'kupeza atsikana ovina okhaokha, wadziwa kale zimene bambo amaonera, ngakhale asanene.

Chimodzimodzi masewero a pa wailesi ya kanema. N'kovuta kuletsa mtsikana wa zaka 14 kuonera nkhani za zibwenzi pamene mayi ndi azakhali saphonya gawo ngakhale limodzi, mpaka ndiwo kupserera pa mbaula. Sitikuti zimitsani zonse. Onerani limodzi pabalaza, ndipo likatha funsani: amene ananama uja zinamuthera bwanji, kodi kwathu kuno mkamwini angayankhe apongozi motero? Mwana akakuuzani kuti waona choipa, kapena kuti wina akumupempha zithunzi, musayambe ndi ndodo. Sungani mauthengawo, musafufute, muuze mkulu wa mlaga, ndipo imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Pali chinthu china chimene chalowa limodzi ndi mpira wa ku England, ndicho kubetcha. Lamulo sililola wosakwana zaka 18, koma mnyamata amatsegula akaunti pa nambala ya mayi ake, ndipo nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena MoMo anaiona tsiku limene munamutuma kukagula malaiti. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Werengani nokha: K20 patsiku ndi K600 pamwezi, K7,300 pachaka. Tikiti ya masewero khumi imaoneka yokoma, koma ngakhale timu iliyonse itakhala ndi mwayi wopambana kasanu ndi kawiri pa khumi, mwayi woti onse khumi alowe ndi pafupifupi 3 pa 100. Nchifukwa chake nthawi zonse mumamva kuti "yangotsala imodzi". Kumapeto kwake ndi kaloba ndi kusowa kwa ndalama ya chilimba. Sinthani nambala yachinsinsi sabata ino, muziyang'ana mauthenga a ndalama zotuluka, ndipo abambo amene mumabetcha nokha mubwere tidzakambirane pa tokha.

Za nyimbo tinena mwachidule. Si yakale iliyonse inali yoyera. Agogo akudziwa zimene zinkaimbidwa m'mabwalo a kalindula. Si iliyonsenso yotchula Yesu imene ili ndi chiphunzitso choona. Muyeso wosavuta ndi uwu: lembani mawu ake pa pepala, muwawerenge mokweza popanda ng'oma pamaso pa agogo. Mukachita manyazi, yankho mwalipeza. Pa ukwati ndi pa kitcheni pate ya akhristu a mumpingo uno, banja lipereke nyimbo zake pa fulashi kwa DJ kutatsala masabata awiri, mkulu wa mlaga atazimva. Mavinidwe a ana aang'ono a pa mzere aonedwe ndi amayi awiri a Chigwirizano pa tsiku lokonzekera lomaliza, chifukwa pa tsiku la ukwati, anthu atayamba kale kufupa, palibe amene angaimitse.

Loweruka likudzali, kuyambira 2 koloko masana, achinyamata a mumpingo odziwa za mafoni adzakhala m'holo kuthandiza makolo kuika zotchinga tatchulazi. Bwerani ndi foni yanu, foni ya mwana, zonse zotchaja, ndiponso mwanayo, kuti amve chifukwa chake kuchokera kwa inu. Amene makadi ovotera anatayika muuze mlembi wa mpingo pa Sabata kuti akulozereni kofunsa. Akulu a milaga awerenge kalatayi pa mapemphero a pakati pa sabata.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.

Ine mbusa wanu, pamodzi ndi akulu ampingo,
Lusaka