Kwa mdzukulu wanga, za Zakeyu ndi ndalama ya sopo

Chamama, Kasungu

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi kamlongo kako. Ife kuno tilipo, kungoti mawondo angawa ayambanso kuvuta ndi chisanu chayambachi. Amalume ako ali kalikiliki m'chigafa kusankha fodya, akufuna mabelo apite ku Chinkhoma mwezi usanathe.

Amayi ako anandiimbira foni. Anandiuza za ndalama ya sopo ija unagulira mandasi, ndi bodza lija unanena kuti yagwa panjira. Pa zimenezo anakudzudzula kale, ine sindiwonjezerapo. Chimene chandisowetsa tulo ndi china. Akuti Lamulungu unakana kupita ku Sande sukulu, misozi ili chuchuchu, n'kumati Mulungu sakufunanso chifukwa ndiwe wakuba. Mwana wanga, anakuuza zimenezo ndani? Khala pansi, amayi ako akuwerengere kalatayi pang'onopang'ono.

Mumzinda wa Yeriko munali munthu dzina lake Zakeyu. Nkhani yake ili pa Luka 19, kuyambira ndime 1 mpaka 10. Iyeyu anali mkulu wa okhometsa msonkho, ndipo masiku amenewo dziko la Ayuda linkalamulidwa ndi Aroma. Ndiye anthu ankadana nawo okhometsa msonkho, chifukwa ankatolera ndalama za abale awo n'kukapereka kwa adani, zina n'kumaika m'thumba mwawo. Zakeyu analemera zedi, koma mbiri yake inali yoipa mumzinda monse.

Tsiku lina anamva kuti Yesu akudutsa. Anafuna kumuona, koma anali wamfupi, ndipo anthu anali atadzaza msewu wonse. Basi anathamangira kutsogolo n'kukwera mumkuyu. Taganiza, bambo wamkulu, wolemera, ali pa nthambi ngati mnyamata wothyola nkhuyu! Yesu atafika pansi pa mtengowo anaima, anayang'ana m'mwamba, n'kumuitana ndi dzina lake. Anamuuza kuti atsike msanga, chifukwa tsiku limenelo akakhala kunyumba kwake.

Apa ndiye umvetsetse bwino. Pa nthawi imene Yesu ankamuitana, Zakeyu anali asanabweze ngakhale tambala imodzi. Anali asanapepese kwa aliyense. Ndalama za eni ake zinali zikadali m'nyumba mwake momwemo, nyumba imene Yesu ankafuna kukalowayo. Anthu anang'ung'udza kuti wapita kukakhala kwa munthu wochimwa, ndipo sananame, analidi wochimwa. Koma Yesu anapita ndithu. Zakeyu ataona kuti walandiridwa chotero, mtima wake unasungunuka. Anaimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apereka kwa osauka, ndipo aliyense amene anamubera amubwezera kanayi. Anayamba ndi Yesu kumukonda, kusintha kunabwera pambuyo. Chimenechi ndicho chisomo chija mumaimba ku Sande sukulu: Mulungu kukuchitira zabwino usanachite kanthu koyenera zabwinozo.

Petulo naye, ngakhale anayenda ndi Yesu nthawi yaitali, usiku umene Yesu anagwidwa anamukana katatu akuwotha moto pabwalo. Tambala atalira anatuluka n'kukalira kwambiri, monga unalirira iwemu. Koma Yesu atauka kwa akufa anakamupeza kunyanja m'mawa, atasonkha kale moto wamakala, pali nsomba ndi mkate. Anayamba wamudyetsa, kenako anamufunsa katatu ngati amamukonda, n'kumupatsanso ntchito yoweta nkhosa zake. Zili pa Yohane 21.

Mwina unena kuti, "Agogo, nanga si kukondera kumeneko? Mwana womvera ndi mwana wakuba onse Mulungu awakonde?" Funso limeneli ngakhale ife akuluakulu limativuta, tisanamizane. Pa Mateyu 20 Yesu anafotokoza za mwini munda wamphesa amene analemba aganyu. Ena anawapeza m'mamawa n'kupangana nawo malipiro a tsiku lonse. Ena anawatenga cha m'ma 9 koloko, ena masana, ena 3 koloko, ndipo omaliza analowa m'munda cha m'ma 5 koloko dzuwa litapendeka. Madzulo onse analandira ndalama yofanana. Oyamba aja anakwiya, poti iwo anapsa ndi dzuwa tsiku lonse. Iwe waonapo aganyu akupalira m'munda mwa amalume ako, ukudziwa kuti munthu amalandira molingana ndi mizere imene walima. Koma mwini munda uja anawayankha kuti sanawabere kanthu, anawapatsa zimene anapangana, ndipo enawo wangowakomera mtima ndi chuma chake. Ine ndikamva fanizoli ndimaganizira omaliza aja. Anakhala tsiku lonse pamsika popanda wowalemba ntchito, akudziwa kuti kunyumba ana agona ndi njala. Mwini munda anaona njala yawo, sanawerenge mizere.

Sindikunena kuti kuba ndi kunama n'zazing'ono ayi. Amayi ako ndalama imeneyo anaivutikira, ndipo bodza linawapweteka kuposa ndalamayo. Machimo athu ndi olemera ndithu, n'chifukwa chake Yesu anafa pa mtanda. Pa Aroma 5 ndime 8 akutiuza kuti Khristu anatifera tikadali ochimwa. Sanadikire kuti tiyambe takhala bwino.

Tsono uchite izi. Usiku uno usanagone ugwade, umuuze Mulungu zonse monga zinachitikira, osabisa kapena kukometsera. Kukacha upite kwa amayi ako ukapepese ndi pakamwa pako. Nkhuku ija ndinakupatsa pa Khirisimasi akuti yayamba kuikira. Usunge mazira, ugulitse, ubweze ndalama ya sopo. Sikuti ukugula chikondi cha Mulungu ndi mazirawo, chimenecho uli nacho kale. Ukungochita monga anachitira Zakeyu Yesu atalowa m'nyumba mwake. Ndipo Lamulungu likubwerali usambe m'mawa, uvale malaya ako oyera aja, upite ku Sande sukulu ukakhale kutsogolo ndi anzako.

Sukulu ikatsekera ubwere kuno. Mtedza takumba wambiri chaka chino, ndakusungira wina woti tidzakazinge. Undiperekere moni kwa abambo ako, uwauze kuti mankhwala opaka mawondo aja atha.

Ndine agogo ako okukonda.