Lipoti la ulendo wa ku Cape Canaveral: roketi yakuda ndi mwaye

A Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi inu nonse aphunzitsi anzanga, ndabwerako bwino. Munandituma ku msonkhano wa aphunzitsi a sayansi ku Florida, m'dziko la America, ndipo a mlembi anandilembera mafunso anu atatu papepala: roketi imatera bwanji chiimire, bwanji osangoimangirira palachuti, nanga kodi n'zoona kuti kuibweza kumapulumutsa ndalama? Pepalalo ndinayenda nalo m'thumba la malaya mpaka linafewa ndi thukuta. Malisiti onse ali kale ndi a msungichuma, choncho pano ndingonena zimene ndinaona ndi kumva.

Tsiku loyamba sitinaone kanthu. Okonza msonkhano anatitengera kugombe pafupi ndi Port Canaveral, kumene anthu amafika ndi mipando yopinda ndi makamera kudzadikirira Falcon 9, roketi ya kampani ya SpaceX. Tinapsa ndi dzuwa maola awiri. Kutatsala mphindi zochepa, uthenga unamveka pafoni ya munthu wina kuti ulendo wasinthidwa chifukwa cha mitambo. Eni dera anangopinda mipando yawo n'kumapita, osadandaula n'komwe. Wowawidwa mtima ndinali ine, wochokera kutali. Madzulo ake katswiri wina anatifotokozera kuti roketi ikalowa mumtambo wa mvula imatha kudziputira yokha mphezi, monga zinachitikira mu 1969 pamene Apollo 12, roketi yopita ndi anthu kumwezi, inaombedwa kawiri isanathe mphindi imodzi chinyamukire. Pamenepo ndinasiya kung'ung'udza.

M'mawa mwake kunacha bwino. Pomwe tinaima, malo onyamukira anabisika ndi mitengo, ndiye chimene chinayamba kuoneka ndi kuwala, moto woyera woti maso sangaupirire, ukukwera pang'onopang'ono pamwamba pa mitengoyo. Koma kunali zii. Chinthu chotalika mamita 70, cholemera matani oposa 500, chikukwera kumwamba popanda ngakhale kaphokoso. Ndinayamba kuwerenga chamumtima, ndipo ndinapitirira masekondi 40 mkokomo usanatipeze. Utafika sunali wa m'makutu mokha, unkagunda pachifuwa n'kumathetheka ngati nsalu yaikulu ikung'ambika. Aphunzitsi a Fizikisi, phunziro lathu lija lakuti phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu ndinaliona ndi maso tsiku limenelo, ndipo sindidzaliphunzitsanso ndi choko chokha.

Patatha mphindi ziwiri ndi theka, mainjini asanu ndi anayi a gawo lapansi anazima, roketi n'kugawika pawiri. Gawo lapamwamba linapitiriza ulendo ndi katundu wake. Lapansi, lomwe ndi thunthu lenileni, linatembenuka m'mwamba momwemo n'kuyatsanso moto kuti libwerere kumtunda. Kenako linatisowa. Anthu onse makosi anali chagada, aliyense akuloza kwake, mpaka mwana wina wamng'ono anakuwa kuti walipeza. Kanali kamoto kakang'ono pamwamba penipeni pa mitu yathu, kanayaka masekondi angapo n'kuzima. Apa m'pamene mantha anandigwira, chifukwa chimene chinatsatira chinali kugwa, osati kutera. Chimtengo chakuda chikutsika ngati mwala, moti ndinaganiza kuti chaphonya. Chili pafupi ndi pansi moto unabukanso, liwiro linatha ngati wina wachigwira pakhosi, miyendo inayi inatambasuka, ndipo chinaima nji kuseri kwa mitengo. Zonsezi zinatheka pasanathe mphindi zisanu ndi zinayi chinyamukire.

Tikuyamba kuomba m'manja, kunamveka kuphulika kotsatizana kokhala ngati mfuti yaikulu, ndipo ma alamu a magalimoto analira. Ine ndinanjenjemera poganiza kuti chaphulika. Mayi wina amene anali pambali panga anaseka n'kundiuza kuti ndi bingu limene thunthulo limapanga potsika mothamanga kuposa phokoso, ndipo limafika mochedwa, mwini wake atatera kale. Pepani kwambiri, vidiyo imene munandipempha ilipo koma yangojambula mchenga ndi nsapato zanga. Dzanja linatsika lokha maso ali kumwamba.

Tsopano funso lanu loyamba. Thunthu limawongoleredwa makamaka ndi zinthu ziwiri. Kumutu kwake kuli zipsepse zinayi zachitsulo cha titaniyamu, zoboolaboola ngati sefa, zimene zimapendeka kuti mphepo ilikankhire kumene likufunika. Kumunsi, injini imatha kupotolokera uku ndi uku, monga mmene dzanja limayendera munthu akaimika tsache pachikhatho. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti thunthuli silingathe kuima m'malere n'kumatsika mwapang'onopang'ono ngati helikopita. Pofika nthawi yotera mafuta amakhala atatsala ochepa, ndiye limapepuka kwambiri moti injini imodzi yokha, ngakhale aichepetse mphamvu mpaka pomaliza, ingalinyamulenso kubwerera kumwamba. Choncho kompyuta iyenera kuyatsa moto pa nthawi yoti liwiro lithere pomwe miyendo ikukhudza pansi. Ikafulumira, thunthu liima lisanafike. Ikachedwa, liphwanyika. Ndipo a SpaceX anaphwanya angapo asanakhoze. Koyamba kutera bwino kunali pa 21 December 2015, komweko ku Cape Canaveral, ndipo pa 8 April 2016 anakwanitsa kuteretsa lina pachombo chopanda anthu pakati pa nyanja ya Atlantic.

Za palachuti sindichedwapo. Anayesa pa maulendo oyambirira a Falcon 9 mu 2010, koma mathunthu ankasweka polowanso mumpweya palachuti asanatambasuke. Kupatula apo, palachuti amapita kumene mphepo yafuna, ndipo chinthu cholemera matani oposa 20 chikagwera m'nyanja, madzi amchere amalowa m'mainjini. Moto umene unanyamula roketi ndi womwewo umene umaiteteza potsika.

Funso lachitatu ndi limene linandigoneka mochedwa, ndipo yankho lake sindinalipeze kugombe. Ndinalipeza m'nyumba zoonetseramo zinthu ku Kennedy Space Center. Kumeneko kuli Atlantis, chimodzi mwa zombo za NASA, bungwe la boma la America loona za maulendo a kumwamba, zija zamapiko zimene zinkatera pabwalo ngati ndege. Ndinaima pansi pake n'kuyang'ana mimba yake yokutidwa ndi timatailosi takuda toteteza kutentha, masauzande ambirimbiri, kalikonse ndi nambala yake. Zombo zimenezi zinauluka maulendo 135 kuyambira 1981 mpaka 2011, ndipo nazonso zinkabwerera. Vuto linali lakuti chombo chikatera, pankafunika miyezi ndi khamu la amisiri kuti aunike matailosi, achotse mainjini n'kuwakonza, chisanaulukenso. Lonjezo lakuti ulendo wa kumwamba udzatchipa silinakwaniritsidwe, ndipo ziwiri mwa zombozo, Challenger mu 1986 ndi Columbia mu 2003, zinaonongeka pamodzi ndi anthu 14.

M'nyumba ina chapafupi anapachika thunthu la Falcon limene linauluka kawiri, kachiwiriko pa 6 February 2018 pamene mathunthu awiri a Falcon Heavy, roketi ya mathunthu atatu olumikizana, anatera limodzi ngati mapasa. Silokongola ayi. Ndi lakuda ndi mwaye wa palafini, mizere yopserera ikuoneka m'mbali monse, ndipo mwayewo nthawi zambiri sautsuka wonse roketi ikamabwerera kukauluka. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Kutera kumene tinaombera m'manja kuja ndi theka chabe la nkhani. Tsiku loyenera kulikumbukira ndi 30 March 2017, pamene thunthu logwiritsidwa kale ntchito linanyamulanso setilaiti kupita nayo kumwamba. Pofika kumapeto kwa August 2025 thunthu limodzi linali litauluka maulendo 30, ndipo m'chaka cha 2024 chokha maroketi a Falcon ananyamuka maulendo 134. Palibe fakitale imene ikanapanga mathunthu atsopano ochuluka chotero chaka chimodzi, lililonse ndi mainjini ake asanu ndi anayi, n'kumawataya m'nyanja. Kwa ine umboni wa kutchipa ndi umenewo.

Komabe si zaulere. Mafuta obwerera nawo amadya malo a katundu. Falcon 9 yotayidwa ingakweze matani pafupifupi 23 kufika m'njira yapafupi yozungulira dziko, koma yoti ikatere pachombo imanyamula matani 17 kapena 18. Ndipo gawo lapamwamba silibwerera, chifukwa limafika pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo kutentha kolowera nako mumpweya pa liwiro limenelo ndi nkhani ina. Ana athu asamve ngati roketi yonse imabwerera.

Ena akulondola njira yomweyi. Kampani ya Blue Origin inateretsa roketi yake yaing'ono ya New Shepard ku Texas mu November 2015, mwezi umodzi SpaceX isanatero, ngakhale kuti iyo imangokwera makilomita 100 n'kubwerera osazungulira dziko. Mu November 2025 yaikulu yawo, New Glenn, inatera pachombo panyanja. Okonza msonkhano anationetsanso vidiyo ya pa 13 October 2024 ku Boca Chica, ku Texas, pamene thunthu la Starship, roketi yaikulu ya SpaceX, la mainjini 33, linawakhidwa m'malere ndi mikono iwiri yachitsulo ya nsanja yomwe linanyamukirapo. Ilo lilibe miyendo n'komwe.

Pa tsiku lomaliza panabuka mkangano umene ndiyenera kuufikitsa kwa inu. Mayi wina wofufuza za nyenyezi anaimirira n'kuonetsa chithunzi cha thambo chodzaza mizere yoyera ngati wina wachikanda ndi msomali. Mizereyo ndi masetilaiti a intaneti a SpaceX otchedwa Starlink, amene alipo masauzande tsopano, ndipo maulendo ambiri a Falcon 9 amanyamula iwowo. Mfundo yake inali yakuti kutchipa komwe tikukondweraku ndi kumene kukudzaza thambo. Mphunzitsi wina anamuyankha kuti masetilaiti omwewo afikitsa intaneti kusukulu zimene waya sunafikeko. Mawu anakwera, wotsogolera zokambirana anachita kuwadula. Ine sindinaimike dzanja, koma ndikuvomera kuti mtima wanga unapendekera kwa mayiyo, chifukwa ntchito yathu ina ndi yotulutsa ana panja usiku kuti aone nyenyezi.

Ndikupempha komiti zinthu ziwiri. Choyamba, tikonze tsiku loonera limodzi ndi ophunzira roketi ikunyamuka, popeza amaonetsa pa intaneti zikuchitika, ndipo kamera ina imakhala pathunthu penipenipo mpaka litatera. Tisankhe ulendo wobwerera kumtunda, ndipo tiwachenjezeretu ana kuti ukhoza kusinthidwa, asadzatitche abodza. Nthawi ya ku Florida ili kumbuyo kwa yathu ndi maola 6 kapena 7 malingana ndi nyengo ya chaka. Chachiwiri, maroketi athu a mabotolo a madzi aja tiwasinthire lamulo la mpikisano. Mpaka pano timapereka mphotho kwa amene wakwera kwambiri. Ndikufuna tiyese kupereka kwa amene botolo lake liuluke katatu osalikonza, litanyamula dzira pamutu. A mlembi, chonde ikani mfundo imeneyi pa ajenda ya msonkhano ukubwerawu, ndipo amene akutsutsa abwere ndi mabotolo awo.